Paipi Imene Sinalire

Sajeni wa polisi anafika pa kasupe nthawi itangodutsa 2 koloko masana, njala itamugwira, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi kuponda m'chithaphwi mpaka nsapato yakumanzere kudzaza madzi. Linali Loweruka, tsiku limene ankayenera kukhala pakhomo akuchapa. Mnzake amene anali pa ntchito anadwala m'mimba mwadzidzidzi, monga amachitira Loweruka lililonse kukakhala mpira. Ndiye mayi wamkulu ndithu, amene pa tebulo pake panali milandu khumi ndi iwiri ya mbava zothyola nyumba, anatumidwa kukafunafuna mphete.

Malowo anali okongola, zimenezo sakanakana ngakhale anali atapsa mtima. Madzi ankatuluka pansi pa thanthwe n'kupanga dziwe lalikulu, oyera mbee moti munthu ankatha kuwerenga timiyala ta pansi ali chiimire pa matabwa a m'mphepete. Pakati pa dziwelo panali pamene antchito ankapatchula kuti padiso, pozama ngati anthu awiri atasanjikizana, pomwe mchenga woyera unkabwata osalekeza. Alendo ankavala galasi kumaso, kuluma paipi yopumira, n'kumayandama chafufumimba akuyang'ana nsomba. Olimba mtima ankamira mpaka padisopo. Kwa Sajeni, amene madzi ankawadziwa a m'bafa okha, zonsezi zinali zochita za anthu osowa chochita.

Manijala anamuchingamira pa geti, thukuta lili kamukamu, kalata ili m'manja. Anafotokoza mothamanga kuti mlendo wina waberedwa mphete yagolide, wakuba wadziwika kale, ndipo amutsekera m'chipinda chosungira katundu. Anali mayi amene amatsogolera alendo m'madzi, yemwe aliyense pamalopo ankawatchula kuti a Katumbu chifukwa m'madzi ankakhalitsamo kuposa kumtunda. Ntchitoyo anaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kalata inali m'manjayo inali yowachotsa, yosainidwa kale, yongodikira kuti akwere galimoto ya polisi. Manijala anapempha kuti zonse zithe 4 koloko isanakwane, chifukwa gulu lina la alendo linali litasungitsa malo.

Sajeni anafunsa ngati mpheteyo anawapeza nayo. Manijala anati ayi. Amayi awiri a kukhitchini anawasecha paliponse, mpaka m'tsitsi, osapeza kanthu. Alendo anayi amene anali m'madzimo nawonso anasechedwa, zikwama zawo kukhuthulidwa pa tebulo. Koma panali mboni imene inaona zonse ndi maso ake.

"Mwamugwira, mwamutsekera, mwamuweruza, mwamuchotsa ntchito," anatero Sajeni. "Nanga ine mwandiitanira chiyani, kudzakuomberani m'manja?"

Manijala anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha, anapinda kalata ija n'kuloza kumene kunali alendowo.

Mwini mpheteyo anali mtsikana wowonda, wokwatiwa masabata atatu apitawo. Anali pa benchi atadzikulunga thaulo, akulira ngati munthu amene watopa nako kulira koma akuopa kusiya. Mpheteyo inali ya malemu apongozi ake, mayi a mwamuna wake. A Katumbu anamuuza asanalowe m'madzi kuti aivule, iye anakana, chifukwa chivalireni pa ukwati sanaivulepo, ndipo ankaopa kuti akuchimuna aziti akuinyoza. Kusambira sankadziwa. Anavala jekete yoyandamitsa, a Katumbu n'kumugwira dzanja lamanzere, la mphete lomwelo, kuchokera pa makwerero mpaka padiso. Anazindikira kuti chala chili chabe atatuluka kale, akupukuta kumaso. Sajeni atafunsa ngati anamva wina akukoka, mtsikanayo anati zala zake zinachita dzanzi ndi kuzizira, ngakhale akanamudula chala sakanamva.

Mwamuna wake anali mphunzitsi wa masamu, koma pa mafunso asanu amene Sajeni anamufunsa palibe limene linatuluka ndi yankho limodzi. Iye anali kumbuyo, galasi lake linkalowa madzi, anatsamwa kawiri, sanaone chilichonse. Mwina achemwali ake ankanena zoona, poti si anthu onama. Mwinanso mkazi wake anangoigwetsa. Mwina onse awiri ankalondola. Ankati akayang'ana mkazi wake n'kuyang'ananso achemwali akewo, ngati mwana amene wafunsidwa kuti amakonda ndani pakati pa bambo ndi mayi. Sajeni analemba liwu limodzi lokha m'kabuku kake, ndipo silinali liwu loti n'kumuwerengera mwini wake.

Achemwaliwo, amene anali mboni ija, sanadikire kufunsidwa. Anali mayi wamtali, wamapewa otambalala, mkulu wa manesi pa chipatala china, wozolowera kuti akalankhula anthu azithamanga. Anayamba ndi kunena kuti ali mtsikana ankasambira pa mipikisano, kuti pasakhale wowatenga ngati mlendo wa madzi. Zipangizo anabwera ndi zawo, galasi labuluu ndi paipi yachikasu, chifukwa sakanaika m'kamwa chinthu chimene chatafunidwa ndi tawuni yonse. Paipiyo inali m'manja mwawo, ataipanira pachifuwa.

"Lembani mmene ndikuneneramu, musasinthe," anatero. "Ndinamira katatu. Ulendo wachitatu ndili pansi, ndinayang'ana m'mwamba, ndinaona mayiyo akupotokola chala cha mlamu wangayu, kenako n'kupititsa dzanja pakamwa. Wameza. Mupite naye akamuunike m'mimba, musachedwe."

Anawonjeza kuti ndi iwo amene anakuwa kuti wakuba atangofika pa matabwa, ndipo ndi iwonso amene analamula kuti aliyense asechedwe, kuyambira iwo eni. Anakweza manja m'mwamba pamaso pa amayi a kukhitchini popanda manyazi, poti munthu wosalakwa saopa. Sajeni anafunsa chifukwa chimene sanakuwire m'madzi momwemo atangovuuka, wakubayo asanasunthe.

"Munthu salankhula paipi ili m'kamwa, a Sajeni. Zimenezo n'zodziwikiratu."

Sajeni analemba zomwe anauzidwazo. Anthu amene amamuphunzitsa ntchito yake ankamutopetsa kuposa mbava.

Wachinayi anali mdala wina wopuma pa ntchito ya positi, wosakhala wa m'banjamo, amene ankabwera Loweruka lililonse chifukwa cha msana. Sajeni anangofunsa chimene anaona, koma anapatsidwa mbiri yonse ya msanawo, kuyambira chaka chimene anagwa pa njinga ndi thumba la makalata mpaka madokotala anayi amene anaulephera. Patadutsa mphindi khumi zinadziwika kuti mdalayo akalowa m'madzi amangoyandama atatsinzina.

"Mumalipira kudzaona nsomba mutatsinzina?"

"Nsombazo ndinaziona kale, mwanangu. Ndi zomwezija."

Mdalayo anafunanso kuti zilembedwe kuti chaka china mano ake oikirira anagwera padiso, awiri mwa iwo agolide, a Katumbu anawavuula n'kumubwezera atawatsuka. Sajeni anatseka kabuku kuti azipita. Apo mdalayo anamugwira pa mkono, nkhope itasintha. Anati iye sakufuna kuwaika anzake m'mavuto, koma poti ndi polisi anene. Anatsegula maso kamodzi, atamva a Katumbu akufuula kufunsa kuti mayi wa paipi yachikasu ali kuti. Zaka zonsezi sanawaonepo akusiya dzanja la munthu wosadziwa kusambira, koma lero analisiya.

M'chipinda chosungira katundu munkanunkha labala ndi mankhwala otsukira. Zipsepse zovala kumapazi zinali zitapachikidwa pa misomali motsatira kukula kwake, majekete atasanjidwa pakona. A Katumbu anali atakhala pa chidebe chovundikira, akutsuka magalasi ndi kaburashi. Anthu anawatsekera ngati mbava, iwo n'kupitiriza ntchito ya anthu omwewo. Anali mayi wamfupi, wa imvi, maso ofiira chifukwa cha madzi osati misozi.

Mawu ankawatulutsa ngati akugula. Mphete sanatenge. Madzi a pamenepa amafwetsa zala, n'chifukwa chake amauza alendo kuti azivula. Itasowa anamira kasanu kuifunafuna, ndipo pa mchenga woyera ngati uja golide sabisala, ndiye kuti wina anali ataitola kale. Atafunsidwa kuti ndani, anati sanaone, ndipo sangatchule munthu amene sanamuone.

Pamenepo Sajeni zinamukwana. Anawauza kuti kunjako anthu akuwamiza ndi miyendo iwiri, kalata yalembedwa kale, kwatsala ola limodzi lokha, ndiye iwo akuyankha ngati akukambirana za mvula. Anawafunsa ngati akudziwa kuti munthu wa msinkhu wawo akachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba, palibenso amene angamupatse ngakhale tsache. A Katumbu anati akudziwa. Anati kwawo kuli zidzukulu zitatu zimene zimadya pa ntchito yomweyi, ndiye palibe chimene Sajeni angawauze chomwe iwo sanachiganize kale pa chidebepo.

Sajeni anafunsa za dzanja lija. A Katumbu anasiya kutsuka n'kuwerama. Kwa nthawi yoyamba anaoneka ngati munthu wogwidwa.

"Chimenecho ndi cholakwa changa, mulembe," anatero. "Mwana wa eni ake sasambira, ndinamusiya. Koma ndinaona ngati ndataya munthu."

"Munaona bwanji, poti mukuti simunaone kanthu?"

"Maso anga amakhala pa wosadziwa kusambira. Enawo ndimawawerenga ndi makutu."

Anafotokoza kuti munthu akamira, paipi yake imadzaza madzi. Akavuuka, asanapume, amauzira mwamphamvu kuti madziwo atulukire pamwamba, ndipo paipi imalira kuti phwaa. Wodziwa kusambira amachita zimenezo osaganiza, ngati kuyetsemula. Iwo akamva kulirako amadziwa kuti munthu wawo wabwerako, osafunika kutembenuka. Poona kuti Sajeni sakumvetsa, anaviika paipi ina m'chidebe cha madzi oyera n'kumupatsa kuti ayese. Sajeni analuma, ndipo mmalo mouzira anakoka mpweya. Anatsokomola mpaka misozi, madzi kutulukira m'mphuno, yunifolomu kunyowa mpaka pa lamba. A Katumbu anamudikira mwaulemu kuti amalize.

"Mayi aja ndi katswiri," anapitiriza. "Anamira katatu. Kawiri paipi inalira bwinobwino. Kachitatu ndinawerenga mpaka makumi anayi, kuli zii. Ndi pamene ndinasiya dzanja n'kutembenuka. Ndinapeza ali pamwamba kale, akusambira kulowera ku makwerero mutu uli m'mwamba ngati wophunzira kumene, paipi ili m'dzanja."

Sajeni anatchera khutu. Anafunsa kawiri ngati paipiyo inalidi m'dzanja osati m'kamwa, ndipo kawiri konse a Katumbu anati m'dzanja. Anafunsanso kuti pa nthawi yosecha ija, mapaipi anawayang'ana ndani. A Katumbu analoza chidebe cha mankhwala. Anati atatu a pamalopo ali momwemo, awalowetsa burashi mpaka mkati monga mwa masiku onse.

"Nanga yachinayi?"

"Ndi yawo. Za eni sititsuka."

Sajeni anawasonkhanitsa onse pa matabwa paja nthawi ili hafu pasiti 3. Anatulutsanso a Katumbu, ngakhale manijala ankang'ung'udza kuti alendo awaona. Kenako anatembenukira kwa achemwali aja n'kupempha, mwaulemu wodzikakamiza, kuti amuonetse mmene paipi imauziridwira, poti iye wayesa walephera.

Achemwaliwo anati atopa, ndipo sanabwere kudzaphunzitsa apolisi kusambira. Sajeni anati palibe vuto, angomubwereka paipiyo ayesenso yekha. Iwo anati chinthu cha m'kamwa sabwerekana, amenewo ndi matenda. Sajeni anawakumbutsa kuti anamuuza kuti sanakuwe m'madzi chifukwa paipi inali m'kamwa, n'kufunsa ngati akufuna kuti mawuwo akhale choncho m'kabuku. Mdala wa positi anatsokomola. Mchimwene wawo anayang'ana zala za kumapazi kwake.

Sajeni anagwira paipiyo kumapeto. Kwa kanthawi anakokana mwakachetechete, aliyense akunamizira kuti sakukoka, mpaka achemwaliwo anasiya. Sajeni anaigwedeza pafupi ndi khutu, sinalire kanthu. Anasuzumira mkati, anangoona mdima pamene paipi imapindika. Anaizondotsa n'kuimenya pa chikhatho, osagwa chilichonse. Anadziona atanyowa, atachita manyazi pamaso pa mkulu wa manesi amene Lolemba adzakhala mu ofesi ya bwana wake ndi kalata yodandaula.

"Thirani kaye madzi," anatero a Katumbu chapansipansi.

Sajeni anatenga botolo la madzi la mdala wa positi uja n'kudzaza paipiyo. Anapukuta poluma pa malaya ake, analuma, ndipo ulendo uno anakumbuka. Anauzira ndi mkwiyo wonse wa tsikulo, wa nsapato yonyowa, wa zochapa zimene zinatsala pakhomo, wa mnzake wodwala m'mimba. Madzi anathovoka n'kukamenya manijala pachifuwa. Kanthu kena kanalira kuti ngwee pa thabwa, kanagubuduka, n'kukaima pa phazi la mdala wa positi.

Mtsikana uja anagwira pakamwa. Achemwaliwo anakhala pansi pa matabwa onyowawo, mayi wamkulu ngati uja, ndipo atayamba kulankhula mawu awo anali a munthu wina.

"Ndi ya amayi anga," anatero akuyang'ana mchimwene wawo. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwasambitsa, ndikuwatembenuza. Chala chitatupa ndine ndinaivula ndi sopo. Ndinaisunga m'kabati, iwe n'kudzaitenga osandifunsa, kukapatsa munthu amene amayiwo anamuona kawiri. Lero ndaiona ikutsika yokha, ikubwera kwa ine pa mchenga. Ndikanaisiya?"

Mchimwene wawo anati sanadziwe kuti zinawapweteka. Iwo anati palibe chimene iye amadziwa. Kenako onse anayamba kulira. Mtsikana uja anatola mpheteyo n'kuiika m'manja mwa alamu ake, akuti aitenge, iye sakanailandira akanadziwa. Alamuwo anaibweza. Mphunzitsi anawakumbatira onse awiri, mwina koyamba tsikulo atapeza yankho. Atapukuta maso anabwera kwa Sajeni n'kunena kuti nkhaniyi ndi ya m'banja, akaikambirana kunyumba, mlandu autseke. Manijala anavomereza msanga, akupukuta malaya, kuti zatha bwino.

Sajeni anawayang'ana onse, ndipo zimene anamva mumtima sizinalinso kutopa chabe, unali mkwiyo weniweni. A Katumbu anali chiimire pambali, manja kumbuyo, ndipo pa anthu onse olirawo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawayang'ana.

"Mpheteyo ndi yanu, kaidyeni ngati mukufuna," anatero. "Koma mayi awa si a m'banja mwanu. Kuitola ndamva. Nanga iwowa analowamo bwanji?"

Achemwaliwo anati mlamu wawo atayamba kulira, anthu anayamba kuyang'anana, ndiye anachita mantha. Panafunika munthu, ndipo amene anagwira dzanjalo anali pafupi. Sanaganize kuti zifika pa ntchito. Sajeni anawauza kuti bodza limene anamulembetsa ndi mlandu pawokha, ndipo umenewo si wa m'banja, Lolemba akaonekere ku polisi. Anawauzanso kuti apepese pomwepo. Iwo anayandikira a Katumbu n'kunong'ona kuti pepani. Sajeni anati sanamve, abwereze ndi mawu omwe aja anakuwira kuti wakuba. Anabwereza mokwezako pang'ono, koma omva anali mdala wa positi ndi amayi awiri a kukhitchini. Alendo onse amene anaona a Katumbu akukokeredwa ku chipinda chija anali atapita kale.

Manijala anang'amba kalata ija pamaso pa Sajeni, mokokomeza, ngati akuchita chifundo chachikulu. Anati a Katumbu asadandaule, iye mumtima mwake ankadziwa kuti sangabe. Kenako anayang'ana wotchi n'kuwauza kuti afulumire, gulu la 4 koloko lafika.

Gululo linali litadikira pa geti kuyambira 3 koloko, ndipo aliyense amene ankatuluka ankalisiyira nkhani. Linamva theka loyamba lokha. Analowa anthu asanu ndi mmodzi, akuyang'ana uku ndi uku, akunong'onezana. A Katumbu anabweretsa dengu la magalasi ndi mapaipi n'kuyamba kugawa, akufunsa aliyense ngati amadziwa kusambira. Mayi wina wovala chipewa chachikulu anati sadziwa. A Katumbu anamutambasulira dzanja kuti amuthandize kutsika pa makwerero. Mayiyo analiyang'ana dzanjalo, anabisa lake kumbuyo, n'kufunsa manijala mokweza ngati palibe wina woti amugwire.

Sajeni anaponya phazi kuti akamuyankhe, koma a Katumbu anamupukusira mutu pang'ono. Anabweza dzanja lawo, analipukuta pa kabudula ngakhale linali louma, n'kutenga chingwe chachifupi pa msomali. Anapatsa mayiyo mbali imodzi, iwo n'kugwira inayo, ndipo anatsika naye m'madzi choncho, atatalikirana.